Makope a Abiti Saizi

Zaka zisanu ndi zinayi ndakhala ndikugona masana
kuti malata a Che Likwanya agone usiku.
Simenti, misomali, penti, mawilibala,
ndimazidziwa ndi fungo ngati mbuzi za m'khola langa,
ine wopanda ndi nkhuku yomwe.

Lachiwiri lija Dunia adachira pa chipatala cha boma,
adachita kumung'amba.
Mwana wamkazi, makilo awiri ndi theka.
Namwino akukonza diripi adandifunsa ngati ndatenga tchuthi.
Ndidaseka. Iye sadaseke.
Akuti lamulo lidasintha, bambo nayenso
ali ndi masabata ake awiri, malipiro osadulidwa.

Ndidakanena kushopu, chipewa chili m'manja.
Bwana adandiyang'ana pamimba:
"Wabereka ndiwe, Twaibu? Tione chilonda."
Anyamata onyamula simenti adaseka mpaka kutsokomola fumbi.

Ku ofesi ya leba ndidapita wapansi
kuchokera kwa M'baluku, kuwoloka mlatho dzuwa lili paliwombo,
ya kabaza nditagulira matewera.
Pabenchi ndidapeza mtsikana wochapa ku loji,
manja osupuka ndi jiki,
wochotsedwa tsiku limene yunifolomu idakana kutseka pamimba,
ndi mnyamata wa pachigayo akuwerenga zala zimene zidatsala.
Tidakhala duu, ngati odikira jakisoni.

Mayi Chikakwiya adatsegula faelo.
"Kalata yolembedwera ntchito?" Ndilibe.
"Pepala la malipiro?" Amandipatsira kuseri kwa kauntala.
Adaimba foni, ndipo mawu a bwana adatuluka
aang'onoang'ono ngati udzudzu:
"Ameneyo ndi waganyu, amabwera mwa apo ndi apo."

Apo ndi apo!
Agalu awiri akalambira pamapazi anga pakhonde limenelo.

"Bweretsani umboni," adatero mayiwo,
"lamulo mano lili nawo, koma siliona mumdima."
Nanga mlonda amamuona ndani?
Ntchito yanga imayamba mboni zikafunda.

Adandikumbutsa ndi Abiti Saizi, osatinso mwachifundo.
Amayatsa mbaula pafupi ndi nsanja ya wotchi
azana ya m'mbandakucha isanamveke.
"Ya mwezi watha sunalipire," adandikola mkono,
n'kusolola m'thumba la shuga makope khumi ndi limodzi
omangidwa ndi mphira wa tchubu.
Tsiku, mwezi, chaka.
Twaibu mlonda wa kwa Likwanya, tiyi mmodzi, zitumbuwa ziwiri.
Twaibu mlonda, tiyi wopanda mkaka.
Twaibu mlonda, wanena kuti Loweruka.
M'miyezi ya Ramazani adalemba kuti daku.

Ngongole imene ndinkaizemba podzera kuseri kwa msika
idavala chitenje chatsopano
n'kunditsogolera ku ofesi.
Mayi Chikakwiya adanyambita chala, tsamba ndi tsamba,
mafuta a zitumbuwa akuwala pa madeti.

Bwana adabwera, adasaina choimirira.
Masiku khumi ndi anayi, ndi kalata yokhala ndi dzina langa,
atalakwitsa chilembo chimodzi.
Za maola owonjezera, akuti tikambirana.
Za penshoni, akuti mawa,
ndipo mawa lawo ndimalidziwa, n'lalitali kuposa Shire.
Potuluka ndidapeza mtsikana wa ku loji
akadali pabenchi pomwe paja, atavula nsapato.

Lero ndi usiku wachisanu ndi chimodzi ndili pakhomo.
Tulo tausiku sitindidziwa, timandilambalala ngati mlendo.
Dunia agone, chilonda chipole.
Ine ndakhala pampando, tochi pambali,
kulondera katundu wa makilo awiri ndi theka
wopanda loko, wopanda geti.
Akatembenuka ndamva kale.
Akalira sindidzuka, ndinali maso.
Aka n'koyamba kuchezera chinthu changa.

Abiti Saizi watumiza mwana dzulo madzulo
ndi kansalu ka khanda, kofiirira,
ndi kapepala:
za umboni zatha,
koma ya mwezi watha ikadalipo.